Mbiri ya Kupenta ndi Kulemba pa Njinga m'Chigwa cha Shire

Njinga yamoto imene imayenda m'misewu ya Chikwawa ndi Nsanje masiku ano imanyamula pa thanki yake mbiri ziwiri zimene zinayenda padera kwa zaka zambiri zisanakumane. Yoyamba ndi ya chizolowezi cha anthu a m'chigwa cha Shire cholemba mayina, mawu ndi zithunzi pa chinthu chimene munthu wachipeza ndi thukuta lake, chizolowezi chimene chinakhwimira pa njinga yakapalasa injini isanafike m'manja mwa anthu wamba. Yachiwiri ndi ya penti woonekera mkati ngati galasi, amene amisiri amamutcha kiliya, yemwe amapoperedwa pamwamba pa penti wamtundu ndi pa zolembedwa zonse kuti azitchinjirize ku dzuwa, madzi ndi petulo. Kiliyayu anapangidwa m'mafakitale a maiko akutali, ndipo anafika m'chigwachi atapakidwa kale pa njinga zatsopano, amisiri akumeneko asanaphunzire kasakanizidwe kake. Luso lopenta njinga zamoto ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula ndi pa boma la Nsanje ndi kuyesayesa kolumikiza mbiri ziwirizi pamalo pamene nyengo simuchitira chisoni penti wamtundu uliwonse.

Chigwa cha kumunsi kwa Shire ndicho malo otsikitsitsa m'Malawi, pakuti pamene mtsinjewu umalowera m'dziko la Mozambique, kumwera kwa Nsanje, nthaka ili pa mamita 37 okha kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere. Munthu amene watsika zitunda za Thabwa kuchokera ku Blantyre amamva kutentha kukumulandira asanaoloke mlatho wa Kamuzu, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala si chachilendo kuti kutenthaku kupyole madigiri 40. Chitsulo chakuda chimene chakhala padzuwa masana otere chimatentha kuposa mpweya wochizungulira, mwakuti dzanja silingakhalepo nthawi yaitali. M'chilimwe mumakhala fumbi, m'dzinja mumakhala matope ndi madzi osefukira, ndipo madzi a m'mijigo yambiri ndi amchere, kotero kuti ngakhale kutsuka njinga kumasiya timadontho toyera pa penti madziwo akauma. Zonsezi zimachititsa kuti kunyezimira kwa chinthu m'chigwachi kukhale umboni wa chisamaliro cha mwini wake, chifukwa chinthu chosiyidwa chokha chimasuluka msanga.

Kufuna kuti chinthu chisalale ndi kuwala sikunayambe ndi penti wa m'chitini. Amayi a Chimang'anja ndi a Chisena akhala akuzira nyumba ndi dothi losankhidwa bwino, nalikulunga ndi nkhulungo, mwala wosalala wa kumtsinje, mpaka pansi pa nyumba patalimba ndi kuyamba kung'anima; oumba mbiya nawonso amakulunga mphika usanaotchedwe kuti khungu lake litsekeke. David Livingstone atakwera Shire m'chaka cha 1859 anapeza Amang'anja akusula zitsulo, akuomba nsalu za thonje ndi kutcheza mchere, zimene zikusonyeza kuti chigwachi chinali kale ndi amisiri odziwa kumaliza ntchito yamanja mwaukhondo. Mfundo imene mzimayi wozira amaidziwa, yakuti kuwala kumabwera pamene timabampu tonse tatha ndipo kuti timabamputo timatha mwa kukhula mobwerezabwereza, ndi yomweyo imene wopenta thanki amaitsata lero pamene akupala kiliya ndi sandipepala wonyowa.

Kholo la kiliya ndi vanishi, ndipo mbali ino ya Africa inali ndi gawo lake pa malonda a vanishi kale kwambiri. M'zaka za m'ma 1800 utomoni wouma wa mtengo wina wa m'mbali mwa nyanja ya India, umene amalonda ankautcha kopo kapena kopali, unkakumbidwa m'nthaka kugombe la Tanzania ndi Mozambique, nkugulitsidwa kudzera ku Zanzibar kupita ku Ulaya ndi ku Salem m'dziko la America, kumene unkasungunulidwa m'mafuta kuti ukhale vanishi wa ngolo zokokedwa ndi akavalo. Wopenta ngolo ankapaka vanishi ndi burashi, kudikira masiku kuti aume, kumupala, nkupakanso, ndipo ngolo imodzi inkatha milungu ingapo isanatuluke. Pambuyo pake Nyasaland inalowa m'malondawa ndi mtengo wa tung'i, umene njere zake zimatulutsa mafuta ouma msanga ofunika popanga penti ndi vanishi. Mitengoyi inabzalidwa m'minda ya azungu ku Thyolo ndi ku Mulanje, pamapiri omwe amayang'ana chigwa cha Shire, ndipo malo ofufuzira zaulimi a Bvumbwe anatsegulidwa m'chaka cha 1940 makamaka chifukwa cha mbewu imeneyi. Mafutawo ankapita kunja osayengedwa kukhala vanishi, ndipo ulimi wake unazilala pamene mafakitale anayamba kupanga utomoni wawo kuchokera ku mafuta a pansi panthaka.

Njinga yakapalasa inafalikira m'chigwachi potsatira njanji, thonje ndi ulendo wa kumigodi. Njanji yochokera ku Port Herald, dzina lakale la Nsanje, inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, ndipo thonje limene alimi a m'chigwa ankalima ndi kugulitsa m'zaka za m'ma 1920, monga momwe katswiri wa mbiri Elias Mandala analongosolera m'buku lake la 1990 lonena za chigwachi, linaika ndalama m'manja mwa mabanja ena. Amuna obwera kuchokera ku Southern Rhodesia ndi ku Joni ankabweranso ndi njinga za Raleigh ndi Humber, zopangidwa ku England, zimene zinkakhala zakuda bii, zokhala ndi timizere tagolide toonda m'mbali mwa felemu ndi madigadi. Penti wake anali wootchedwa mu uvuni ku fakitale, nchifukwa chake ankalimba zaka zambiri, ndipo dzina la kampani linkamatidwa ngati kachithunzi kopyapyala kenaka nkukutidwa ndi vanishi. Apa ndi pamene anthu a m'chigwachi anaona koyamba dongosolo la magawo atatu, la penti pansi, chithunzi pakati ndi chotchingira pamwamba, ngakhale panalibe mmisiri wa kumudzi amene akanatha kulibwereza. Njinga ikakalamba, mwini wake ankagula kachitini ka penti wamafuta m'sitolo ya mmwenye, nkuipaka ndi burashi kapena ndi kansanza, ndipo akafuna dzina ankapita kwa wolemba zikwangwani, yemwe ankalembanso mayina a magolosale, a zigayo ndi a malo omwera tiyi.

Nthawi imene kulemba pa njinga kunakula kukhala mwambo ndi pamene njinga inasanduka galimoto ya hayala. Nkhondo ya ku Mozambique itafika poipa m'chaka cha 1986, anthu othawa kwawo anadzaza boma la Nsanje mpaka kuchuluka kuposa eni nthaka, ndipo misasa monga Mankhokwe ndi Nyamithuthu inasanduka mizinda ya malonda imene inkafuna mayendedwe otsika mtengo. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992 ambiri anabwerera, koma ubale wa malonda ndi Mutarara, Morrumbala ndi madera ena a tsidya lija unatsala. Njinga zonyamula anthu, zimene kumtunda amati kabaza, m'chigwa zimadziwikanso kuti shapa, liwu lomveka ngati chapa, limene ku Mozambique amatchulira minibasi. M'Chipwitikizi liwu lomweli limatanthauzanso lata lachitsulo, ndipo mmisiri woongola galimoto zophwanyika amamutcha bate-chapa. Njinga ya shapa yokonzedwa bwino ndi chinthu choyenera kuchiyang'ana mofatsa. Pa keliyala pamakhala khushoni yokutidwa ndi chikopa chapulasitiki, yolendewera mphonje m'mbali. Kumbuyo kwa chishalo kumaotchereredwa kachitsulo kogwira wokwera. Pansi pa keliyala pamapachikidwa kalata kopentedwa, kolembedwa nambala ya pa siteji ndi dzina limene mwini njinga anadzisankhira. Ndipo ku madigadi akumbuyo kumalendewera chidutswa cha labala chimene chimatchinga matope uku chikunyamula mawu olembedwa ndi penti woyera. Zonsezi zinkalembedwa ndi dzanja, popanda chotchingira pamwamba, ndipo zikasuluka zinkalembedwanso, pakuti penti wa burashi sanali wodula.

Njinga yamoto, imene akale ankaitcha mthuthuthu potsanzira kulira kwa injini yake, inakhala m'chigwachi zaka zambiri isanalembedwepo dzina la munthu wamba. Poyamba inali ya amishoni ndi azungu a boma, kenaka ya alangizi. Ntchito yotukula ulimi wa thonje ku Chikwawa imene inayamba m'chaka cha 1968 ndi ngongole ya Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, nkukula kukhala chitukuko cha chigwa chonse chokhala ndi likulu lake ku Ngabu, inafuna antchito oyendera midzi, monganso mmene inafunira minda ya nzimbe ya Nchalo imene Lonrho inatsegula m'zaka za m'ma 1960, zipatala, ndiponso mabungwe othandiza othawa nkhondo. Njinga za Honda, Yamaha ndi Suzuki zimene anthuwa ankakwera zinali za ofesi, zokhala ndi chizindikiro cha bungwe pa thanki ndi nambala ya boma kumbuyo, ndipo wokwerayo analibe ufulu wosintha mtundu wake. Mfundo imeneyi ndi yaikulu pa mbiri yonseyi: munthu amakongoletsa chimene ndi chake, ndipo luso lopenta njinga zamoto silikanabadwa m'chigwachi umwini usanafike.

Pamene zimenezi zinkachitika, penti wa galimoto kunja anali atasintha kangapo. Mfuti yopopera penti inapangidwa ndi Thomas DeVilbiss ku Toledo, m'chigawo cha Ohio, cha m'ma 1907, posintha kachipangizo kamene bambo ake, omwe anali dokotala, ankapoperera mankhwala kukhosi kwa odwala. Kampani ya DuPont inatulutsa penti wotchedwa Duco, amene anayamba kuoneka pa galimoto za Oakland za 1924, ndipo ameneyu ankauma m'maola ochepa pamene vanishi wakale ankatenga milungu. Dzina lake likuonekabe pa zitini zina zopopera zochokera ku South Africa. Penti wa mtundu umenewu amauma chifukwa thinazi, madzi onunkha omwe amamusungunula, wauluka, ndipo kufooka kwake kuli pomwepo, chifukwa thinazi kapena petulo akamugweranso amafewa. Njira ina inachokera ku Germany, kumene Otto Bayer anatulukira poliyurethini m'chaka cha 1937. Penti wopangidwa motere amabwera m'zitini ziwiri, china cha utomoni ndi china cha mankhwala oumitsa amene amisiri amati hadena, ndipo ziwirizi zikasakanizidwa zimalumikizana kukhala chinthu chatsopano cholimba chimene thinazi sangachisungunulenso. Amalonda amamulemba kuti 2K, pomwe wa chitini chimodzi amamulemba kuti 1K. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 mafakitale anagawa ntchito ya penti pawiri, kotero kuti penti wapansi, wotchedwa besi, amangopereka mtundu ndipo payekha sawala, pamene kiliya wapamwamba amapereka kunyezimira ndi chitetezo. Mu kiliya wabwino mumaikidwa mankhwala omeza cheza cha dzuwa chosaoneka ndi maso, chimene chimaphwanya utoto, ndipo pa galimoto ya ku fakitale kiliyayu amakhala wochindikala pafupifupi maikuloni 40 mpaka 50, maikuloni imodzi kukhala gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, kutanthauza kuti ndi wopyapyala kuposa tsitsi la munthu.

Kujambula pa njinga zamoto monga luso lapadera kunatchuka ku America nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Kenneth Howard wa ku California, wodziwika kuti Von Dutch, anadzutsanso timizere toonda ta openta ngolo akale nkutisandutsa zithunzi zopotanapotana. Jon Kosmoski anayambitsa House of Kolor ku Minneapolis m'chaka cha 1956 kuti azipanga penti wa ojambula otere. Ndipo filimu ya Easy Rider ya 1969 inaonetsa dziko lonse thanki yojambulidwa mbendera. Komabe chimene chili pafupi ndi chigwa cha Shire ndi mwambo wa mu Africa momwemuno wolemba pa galimoto za hayala, monga matatu a ku Nairobi, amene zithunzi zake zinaletsedwa ndi malamulo a nduna John Michuki m'chaka cha 2004 nkudzaloledwanso patatha zaka pafupifupi khumi, ndiponso minibasi za ku Blantyre zimene pafupifupi iliyonse imanyamula mawu ake pa galasi lakumbuyo.

Umwini unafika m'chigwa m'zaka za m'ma 2010, pamene njinga zamoto zotsika mtengo zopangidwa ku China ndi ku India zinayamba kulowa mwaunyinji, zambiri mwa izo kudzera ku Mozambique, kumene mtengo wake unali wopepukirapo. Mayina monga Lifo, Lifan ndi King Lion anazolowereka pa masiteji a Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Bangula ndi Marka, ndipo injini za zambiri mwa njingazi zinatengera kapangidwe ka Honda CG125, imene inatuluka m'chaka cha 1975 itakonzedwera dala maiko a misewu yoipa ndi amakaniko ochepa. Anyamata amene anayamba ndi shapa yakapalasa anasunga ndalama nkugula injini, ndipo anabwera nacho chizolowezi chawo cholemba. Koma anapeza kuti thanki ya njinga yamoto ndi yosiyana ndi kalata ka pansi pa keliyala. Penti wamafuta wa burashi sagwira bwino pa kiliya wosalala wa ku fakitale, ndipo petulo akangomukhudza amakwinyika. Anapezanso kuti penti wa njinga zotsika mtengo sapirira dzuwa la m'chigwa: wofiira, amene utoto wake umameza kuwala kwamphamvu kwambiri, amayamba kutuwa, mapulasitiki a m'mbali amachita mbuu, ndipo kiliya wa pamwamba pa thanki, pamene dzuwa limamenya molunjika, amayamba kuyera nkumasupuka ngati khungu la munthu wopsa ndi moto.

Poyankha vutoli panabadwa njira zitatu zosiyana mtengo, ndipo munthu wodziwa akhoza kuona pa thanki kuti mwini wake anali ndi ndalama zingati. Yotsika kwambiri ndi ya masitika, zomata zapulasitiki zogulidwa pamsika kapena zodulidwa ndi makina olumikizidwa ku kompyuta, zimene zimamatidwa pamwamba pa penti. Zimaoneka bwino miyezi yoyamba, kenaka guluu wake amafewa ndi kutentha, m'mphepete mumanyamuka, fumbi nkulowa. Yachiwiri ndi ya penti wa m'chitini chopopera ndi chala, amene anatulukiridwa ndi Edward Seymour ku Illinois m'chaka cha 1949, ndipo ubwino wake ndi wakuti safuna magetsi. Kiliya wa m'chitini chotere kawirikawiri ndi wa 1K, ndipo apa ndi pamene kagulidwe ka mafuta m'chigwachi kamalowerera pa nkhani ya penti. Malo omwetsera mafuta ndi otalikirana, makamaka kutsidya la kum'mawa kwa Shire, ku Makhanga, Muona ndi Fatima, ndipo wakabaza amathira petulo wa m'mabotolo wogulidwa m'mbali mwa msewu kangapo pa tsiku. Madontho amene amagwera m'mbali mwa chitsekero amasiya mizere yotuwa pa kiliya wofookayo pasanathe milungu. Njira yachitatu, ya kompuresa, mfuti ndi kiliya wa 2K, ndiyo yokha imene imakwirira chithunzi mkati mwa penti, ndipo zipangizo zake zimachokera m'masitolo a ku Blantyre ndi Limbe, nkukwera basi kutsika nazo Thabwa.

Ntchito ya njira yachitatuyi ikayenda mwa dongosolo lake imatenga masiku angapo pa thanki imodzi. Mmisiri amachotsa thanki pa njinga, kukhuthula petulo yense ndi kuitsuka, pakuti mpweya wotsalira m'kati ukhoza kuphulika, kenaka amapala penti wakale mpaka pamene wafika pa gawo lolimba kapena pa chitsulo chenicheni. Pobendera pamadzazidwa fila, phala louma msanga limene limapalidwa mpaka chikhatho chitasiya kumva polekezera pake. Pamwamba pamapoperedwa pulaima, penti wotuwa amene amagwira chitsulo ndi kuletsa dzimbiri, ndipo iyeyu amapalidwa ndi sandipepala wa nambala 400 mpaka 600. Nambala ikamakwera mchenga wa pepalalo umacheperachepera. Kenaka pamabwera besi, makoti awiri kapena atatu opyapyala, koti kukhala kupopera kumodzi kokuta thanki yonse. Mmisiri wosamala sajambula pa besi mwachindunji. Amayamba wamutseka ndi koti imodzi ya kiliya, kuidikira iume, nkuipala pang'ono ndi pepala la 800 kuti isiye kuterera, chifukwa akalakwitsa chithunzi pa kiliya ameneyu akhoza kuchifufuta osaononga mtundu wapansi, ndiponso tepi yomata ikamachotsedwa siizula besi.

Chithunzicho chimayalidwa ndi tepi yoonda imene imatha kupindika motsata mimba ya thanki, ndipo malo onse osafunika penti amakutidwa ndi mapepala, nthawi zambiri a nyuzipepala zakale. Mtundu uliwonse umapoperedwa paokha, woyera ndi wachikasu poyamba, wakuda pambuyo, ndipo tepi imachotsedwa penti asanaumiretu kuti m'mphepete musathetheke. Zilembo zing'onozing'ono zimalembedwa ndi burashi ya ubweya wautali, ndipo apa dzanja la wolemba zikwangwani wakale limaonekeranso. Chala chikayenda pamwamba pa ntchito imeneyi chimamva kachitunda pamene tepi inalekezera, ndipo cholinga cha makoti a kiliya otsatira ndi kukwirira kachitundako. Kiliya amasakanizidwa ndi hadena, kawirikawiri magawo awiri pa gawo limodzi malinga ndi zimene wopanga walemba pa chitini. Koti yoyamba imakhala yopepuka kuti igwire popanda kusungunula chithunzi, yachiwiri ndi yachitatu zimakhala zonyowa, ndipo pakati pa koti ndi inzake pamadutsa mphindi 10 kapena 15 kuti thinazi atuluke. Zikauma, mmisiri amapala ndi pepala lonyowa lokulungidwa pa kathabwa kosalala, kuti adye pamwamba pa zitunda pokha osafika pa chithunzi, nkupoperanso koti yomaliza. Akamaliza kupukuta ndi pepala la 1500 ndi la 2000 ndi phala lowalitsira, dzina lija limaoneka ngati lili pansi pa madzi oyera, ndipo chala sichimvanso pamene layambira.

Malangizo olembedwa pa zitini za penti amawerengera kutentha kwa madigiri 20, kumene m'chigwa cha Shire kumapezeka m'mamawa wa Juni ndi Julayi. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, nthawi imene kiliya wosakanizidwa amakhala asanayambe kulimba m'kapu imatsika pafupifupi ndi theka, ndipo madontho ochoka mu mfuti amayamba kuuma ali m'malere, nkugwera pa thanki ngati mchenga, kapena kusiya khungu lokhakhala ngati la ndimu. Koti ikachindikala kwambiri pamalo otentha, pamwamba pamatsekeka thinazi akadali m'kati, ndipo potuluka amaboola timabowo tonga ta singano. Nchifukwa chake wopenta wa m'chigwa amagwira ntchito dzuwa lisanakwere, atawaza madzi pansi kuti fumbi ligone, ndipo wa ku Nchalo amayang'ananso kumene mphepo ikuchokera m'miyezi yodula nzimbe, pakuti phulusa lakuda la minda yootchedwa limauluka mtunda wautali ndipo kachidutswa kamodzi kokha kakatera pa kiliya wamuwisi kamakhala momwemo. M'dzinja mdani amakhala chinyontho, chimene chimasonkhana m'thanki ya kompuresa nkutuluka pamodzi ndi penti, kapena kuchititsa kiliya kuchita chifunga. Magetsi nawo sadalirika, ndipo pamene namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, m'boma la Chikwawa momwemo, mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo kompuresa yozima pakati pa koti yachiwiri imatanthauza kiliya woumira m'kapu ndi ndalama zotayika. Mmisiri amene amatulutsa thanki yosalala pansi pa mtengo wa nimu, wopanda chipinda chotsekedwa chimene anzake a m'mizinda ikuluikulu amadalira, amayenera ulemu woposa umene amalandira.

Zimene zimalembedwa zimasonyeza chigwa chenicheni ndi zilankhulo zake. Pali mavesi a m'Baibulo, nthawi zambiri dzina la buku ndi manambala okha. Pali mayina a ana ndi a makolo. Pali mawu achidule a Chimang'anja, a Chisena ndi a Chipwitikizi, monga liwu lothokoza la Chisena lakuti takhuta. Ndipo pali mitundu ya matimu a mpira, kufiira kwa Bullets ndi kubiriwira kwa mtambo kwa Wanderers, pamodzi ndi zizindikiro za Arsenal, Chelsea ndi Manchester United. Anyamata ambiri amayendetsa njinga za mabwana awo, kupereka ndalama yapangano tsiku ndi tsiku, ndipo njinga yotere siipita kawirikawiri kwa wopenta. Dzina lokwiriridwa mu kiliya limabwera pamene ngongole yatha, ndipo limalengeza pa siteji kuti njingayo tsopano ili ndi mwini. Kulemba kuli ndi ntchito inanso m'dera limene akabaza amaberedwa njinga, nthawi zina nkuvulazidwa kumene, pomwe malire a dziko ali pafupi: njinga zikwi zofanana mtundu sizizindikirika, koma yojambulidwa imadziwika ndi aliyense wa pamsika, ndipo sitika imamatulidwa m'mphindi imodzi pamene chithunzi cha pansi pa kiliya chimafuna kupala thanki yonse. Pa chifukwa chomwechi wopenta woona mtima amafunsa za mapepala a njinga imene mlendo akufuna kuti isinthidwe mtundu mofulumira.

Pali mtengo wina umene sulembedwa pa lisiti. Hadena wa kiliya wa 2K ali ndi mankhwala a m'gulu la isocyanate, amene akapumidwa mobwerezabwereza amayambitsa mphumu yosachizika, ndipo kansalu komanga pamphuno kapena kachophimba kapepala siziwatchinga. M'maiko amene malamulo a ntchito ndi okhwima wopopera amavala chigoba cholandira mpweya woyera kudzera mu paipi. Amisiri ambiri a m'chigwa anaphunzira ntchitoyi poyang'anira mkulu wawo m'galaja, ena ku Ndirande kapena ku Limbe, ena ku Tete ndi ku Johannesburg, ndipo anaphunzira kagwiridwe ka mfuti popanda wowafotokozera zimene zili m'chitini. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja kuphatikizapo za amisiri ophunzira kunja kwa sukulu, lili ndi malo oyenera kulowererapo pamenepa, chifukwa chifuwa cha mnyamata wa zaka 20 wopukuta thanki ndi thinazi m'manja mosavala kanthu ndi chamtengo wapatali kuposa thanki ina iliyonse.

Madzi osefukira a Januwale 2015, a namondwe wa Idai mu Malichi 2019, a Ana mu 2022 ndi a Freddy mu Malichi 2023 anaonjezera gawo lina pa ntchitoyi. Kuchokera pamene madzi anadula njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Chiromo m'chaka cha 1997, pamalo otchedwa Mtayamoyo, njinga zamoto zopita ku Makhanga zimaoloka zitakwezedwa m'boti, zitatsamira pa matumba, pa njinga zinzake ndi pa thabwa la botilo, ndipo kukalika kulikonse kumene kwafika pa chitsulo ndi khomo la dzimbiri. Njinga imene yagona m'matope masiku angapo imatuluka kiliya wake akuwalabe akatsukidwa, koma madzi amakhala atalowa m'misoko ya pansi pa thanki ndi m'kati mwake, m'mene mulibe penti, ndipo patapita miyezi pamwamba pamayamba kutuluka matuza ochokera pansi. Thanki yotere ikafika kwa wopenta, iye amayamba waigwedeza ndi timiyala kapena manati m'kati kuti dzimbiri ligwe, kuiyesa ndi madzi ngati ikudontha, kuitumiza kwa wowotcherera, ndipo akatero amapala dzina lakale pamodzi ndi makoti onse amene analikwirira mpaka chitsulo chitayera, mwini njinga ataima pambali akusankha ngati alembetsenso mawu omwewo kapena ena.